Wamva m'mimba akalephera kutsekula chitseko

Makolo athu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu udabadwira m'nyumba zakale zija za chitseko cha bango, chotseka ndi mpiringidzo, momwe anthu asanu ankagona mothithikana pa mphasa ziwiri. Kunja kuli mdima wa ndiweyani, afisi akulira kuseri kwa khola, palibe wofuna kuvundukula bulangete. Koma amene m'mimba mwamupota sadikira kuti wina amuchotsere mpiringidzo. Amadzuka yekha, poti ululu uli mwa iye. Nzeru yake njomveka: mwini vuto ndiye ayambe kuyenda, asayembekeze kuti anzake alota.

Ine mwambi umenewu ndaudyera nsima zaka zambiri. Ndidagwira choko zaka zoposa makumi atatu m'sukulu za m'boma lino la Mangochi, kuyambira kumapiri a ku Namwera mpaka kugombe la kwa Nankumba. Mwana akabwera mochedwa kudzandiuza kuti fizi yavuta, ndinkamuponyera mwambiwu. Kholo likadandaula kuti sitidaliuze msanga za mwana wake, ndinkaliponyeranso womwewu. Lero imvi zadzaza mutu, ndimakhala pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana nyanja, ndipo ndayamba kuutembenuza mwambiwu monga amayi atembenuzira usipa pa thandala, kuti mbali yomwe idali pansi nayonso ione dzuwa. Wandichititsa zimenezi ndi mdzukulu wanga.

Mnyamatayu ndi mwana wa mwana wanga wamkazi. Adali m'chaka choyamba pa sukulu ina ya ntchito zamanja, akuphunzira zokonza injini, pamene boma lidalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa, kuyambira za mkaka mpaka za ukachenjede. Adatsika minibasi pa boma ndi kachikwama kamodzi, n'kundiuza kuti, "Agogo, akuti ndi masabata ochepa chabe." Masabata aja adabala miyezi. Olemba mayeso ndi a chaka chomaliza adayamba kubwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Asanafunditse n'komwe mipando, mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali, udatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, sukulu n'kutsekedwanso.

M'miyezi imeneyo akuluakulu a m'mizinda ankati ophunzira aziphunzira pa intaneti, a pulayimale nawo adawakonzera maphunziro a pa wailesi. Maganizowo adali abwino. Koma injini siphunziridwa pa foni. Iyenera kukudetsa manja, uimve kulira kwake, udziwe ndi khutu kuti yatsamwa pati. Wophunzira wa ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ayenera kugwira ukonde ndi kununkha nsomba. Wa ku koleji ya zapamadzi ku Monkey Bay ayenera kuponda m'sitima. Wophunzira udokotala wobwera ku nthambi ya sukulu ya zaumoyo pano pa boma, yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, ayenera kumuona wodwala ndi maso. Ngakhale aja a maphunziro a m'mabuku, monga a pa yunivesite ya DMI St John the Baptist, nawo adali ndi phiri lawo. Mwana wa ku Makanjira kapena kwa Katuli ayambe wapeza foni ya intaneti, akaitchajitse pamsika, agule bandulo, kenako akwere pachulu kusaka netiweki. Pofika pamenepo phunziro latha.

Nayo mitsinje yomwe imabweretsa fizi m'boma lino idaphwa nthawi imodzi. Ndani sadziwa kuti nyumba zambiri za malata kuno zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni? South Africa itatseka zonse kumapeto kwa Malichi 2020, ana athu kumeneko adakhala manja lende. Mu Meyi mabasi adayamba kuwatula kuno, ena n'kukawasunga m'bwalo la Kamuzu ku Blantyre, atanyamula zikwama zopanda kanthu. Bambo a mdzukulu wangayu adatsala komweko, koma ndalama ya pa foni idasiya kulira. Malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Chembe, adangoti zii. Ophika, ochapa, osema ziboliboli ndi oyendetsa alendo pa maboti adabwerera kumudzi. Mnyamata uja, m'malo mogwira sipanala, adakalowa ulovi pa chilimira, kugona panyanja usiku wonse kutsatira nyali za siginala, m'mawa n'kulandira kagawo kake ka usipa.

Sukulu zitatsegulidwa kachiwiri tidamuperekeza pa siteji, tidapuma mpweya wautali, tidati zatha. Tidaiwala kuti akulu adati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Msodzi aliyense wa ku Msaka kapena ku Malindi akuuzani kuti mwera ukaleka kuomba, nyanja sigona tsiku lomwelo. Mphepo yapita, mitengo yaima chilili, koma mafunde akadali kubwera, ndipo bwato la munthu wothamangira kukwera likhoza kugubuduzika ndi mafunde otsalawo. Ife tidaona kuti masiki avulidwa, ndowa zosambira m'manja zachotsedwa pa zipata, tidayesa kuti ndi m'mitima ya ana momwemo mwachita bata.

Ndinkamuimbira foni mwezi ndi mwezi. Funso langa lidali limodzi, la mphunzitsi wakale: "Mayeso akuyenda bwanji?" Yankho lake lidalinso limodzi: "Zili bwino, agogo." Chaka chidatha tikupatsana mawu omwewa. Tsiku lina masana kudafika mnyamata wachilendo pakhomo pano, adavula chipewa, adanjuta, n'kunena kuti, "Agogo, pepani, ndabwera mnzangayo osadziwa. Sakudya, sakugona, ndipo m'kalasi adasiya kulowa mwezi watha. Ndaona kuti ndikakhala chete ndidzakhala ndi mlandu."

M'mawa mwake ndidakwera basi. Ndidapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, dzuwa lili paliwombo, chitseko chili chokhoma m'kati. Ndidaodira kamodzi, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu ndidatchula dzina lake la paubwana, lija adamupatsa agogo ake aakazi, ndipo ndidamva loko akulira. Munthu amene adatsekula chitsekocho adali wowonda, maso ali gwa, ndevu zosameta. Tidakhala pa matiresi, poti mpando mudalibe. Nkhani idatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime cha m'chilimwe. Fizi idaperewera, adakongola katapila. Pofuna kubweza katapilayo adayamba kubetcha pa foni pa masewera a kandege, kandegeko n'kuuluka ndi ndalama ya chakudya. Ankadya kamodzi pa tsiku, mgaiwa ndi bonya. M'kalasi ankaona ngati mutu wake wasanduka lichero, chilichonse chothiramo chimangodutsa. Ndipo usiku uliwonse ankaona amalume ake, amene ankamuthandiza fizi, omwe adamwalira mu Januwale 2021 n'kuikidwa mothamanga ndi anthu ovala mapulasitiki, iye osaona nkhope, osagona pa siwa, osaponya ndi dothi lomwe.

Ndidamufunsa kuti, "Mwanawe, bwanji sudandiuze?" Adayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako adati, "Agogo, mudagulitsa mbuzi zanu chifukwa cha ine. Ndikadayambira pati?"

Pobwerera, basi ikutsika kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi, mwambi uja udandibwerera ngati mlendo wodzafunsa ngongole. Makolo adanena za m'mimba, ndipo adanena zoona. Ululu wa m'mimba umamutulutsa munthu panja. Koma ulipo ululu wina umene umamanga miyendo, umatseka pakamwa, n'kumuuza munthu kuti akhome chitseko kawiri. Nkhawa, manyazi ndi chisoni chosalira zimatero. Wodwala nthenda imeneyi ukamudikira kuti atsekule yekha, udzadikira mpaka udzathyole chitsekocho ndi nkhwangwa, nthawi itatha kale.

Mdzukulu wanga sadali yekha. Taganizirani msinkhu wonse umene wadutsa m'makoleji zaka zimenezi. Amene adali Folomu 4 mu 2020 adakhala kunyumba miyezi yoposa isanu, adabwerera, adayamba kulemba mayeso a MSCE, mayesowo n'kuthetsedwa mu Novembala chifukwa adabedwa. Adakalembanso mu Januwale 2021, maliro ali mbali zonse, ndipo okhoza sadakwane theka. Amene adapulumuka pamenepo adalowa m'makoleji momwe kalendala idali itasokonekera, ena kudikira kunyumba miyezi yambirimbiri asanaitanidwe, maphunziro a zaka zinayi n'kutenga zisanu. Aphunzitsi pothamangitsa nthawi yotayika ankapanikiza ntchito ya miyezi inayi m'masabata owerengeka. Mwana wolephera kutsatira liwirolo ankagwa m'mayeso, kulemba sapu, ena mpaka kuchotsedwa sukulu, n'kubwerera kumudzi ndi mbiri yakuti adakapanga zachibwana.

Za atsikana ndiye zimandiwawa koposa. Azaumoyo m'boma lino adalengeza kuti pakati pa Januwale ndi Juni 2020 atsikana achichepere oposa 7,000 adatenga pathupi. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'dziko lonse, m'miyezi yotseka sukulu ija, mimba za atsikana zidafika pafupifupi 40,000 ndipo maukwati a ana pafupifupi 13,000. Manambala amenewa ndimawawerenga ngati mayina a m'kaundula wa kalasi, chifukwa ena mwa iwo ndi ana a anthu amene ndidawaphunzitsa. M'gulu limenelo mudali anamwino, aphunzitsi ndi amakaniki a mawa. Ndondomeko ya unduna wa zamaphunziro imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mafumu ena pamodzi ndi magulu a amayi adathetsadi maukwati ena. Amene adalimba mtima n'kufika mpaka ku koleji alipo. Amakhala m'kalasi thupi lokha, mtima uli kwa mwana amene adamusiya ndi anganga ake kumudzi, akutsokomola. Ena, njala ikawapana m'tauni, amagwa m'manja mwa zidyamakanda zokhala ndi galimoto. Tikawaona pa holide atavala bwino timati zikuyenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo mvula ikakuona litsiro sikata. Korona asanatsanzike, mu 2022 kudabuka kolera, kuyambira kwa anansi athu ku Machinga, ndipo Mangochi idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. M'dziko lonse anthu oposa 1,700 adamwalira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi, minda ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sakuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, wophunzira wa kuno adali akuwerengera ngati ndalama yake ikwana lendi, sopo ndi kapaketi ka soya. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, lathandiza ambiri, koma silifikira aliyense wopempha, ndipo njala ya pa koleji sidikira kuti mayina atuluke.

Tsono n'chifukwa chiyani ana athu satsekula chitseko? Ndikaunguza bwino, mpiringidzo wina tidawasemera ndife. Mnyamata timamulera ndi mawu akuti mwamuna salira. Akatuluka ku jando timamuuza kuti tsopano wakula, zowawa azimeza. Kuyambira 2020 apolisi akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu odzipha, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna. Mpiringidzo wachiwiri ndi chiyembekezo chathu. Mwana woyamba pa mtundu kufika ku koleji amasenza mudzi wonse pamutu. Pomuperekeza timamuuza kuti, "Iwe ndiye diso lathu." Nanga diso lingabwere kudzanena kuti silikuona? Wachitatu ndi mantha a dzina. Kwa ambiri a ife, matenda a maganizo ndi misala basi, ndipo misala ndi ya ku chipatala cha ku Zomba, kapena ya munthu wolodzedwa, kapena wosuta chamba. Mwana amene sakugona tulo, amene mtima ukumuthamanga popanda chifukwa, amaopa kuti akatsekula pakamwa amupatsa limodzi la mayina amenewa. Amasankha kukhala chete.

Pagombe pano pali nzeru ina imene ndidaiona kuyambira ndili mwana koma sindidaiwerenge. Bwato likachedwa kubwera kuchokera kunyanja, eni ake sanena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi amaima pamchenga manja ali pachipumi. Amuna amakankha boti lina n'kupita kukasaka. Ndipo ukonde ukatuluka m'madzi pambuyo pa mphepo, asodzi amauyala pamchenga, n'kuyenda nawo diso ndi diso, chingwe chosokera chili m'manja. Sadikira kuti ukonde unene pomwe wang'ambika. Amadziwa kuti wadutsa m'miyala, ndiye kung'ambika kulipo ndithu. Ana athu adutsa m'miyala. Tisadikire umboni wina.

Kwa makolo anzanga, amalume eni mbumba ndi agogo, ndikuti tisinthe funso. Tisanafunse za mayeso, tiyambe tafunsa kuti, "Lero wadya chiyani? Ukugona bwino? Ukukhala ndi yani? Uli ndi ngongole kwa munthu?" Akayankha kuti zili bwino, tisathamangire kudula foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mwana akaulula kuti walephera mayeso kapena wadya fizi, mawu athu oyamba ndiwo adzatsekule kapena kukhoma chitseko mpaka kale. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likayamba kuyaka lokha, moto wa ana ukazimira kuti? Kudzudzula kuli ndi nthawi yake, ndipo ine mdzukulu wanga ndidamudzudzula za kubetcha, koma ndidayamba ndamugulira nsima ya chambo, n'kumuyang'ana akudya mpaka mbale kuyera.

Kwa oyendetsa makoleji, ine monga mphunzitsi mnzanu wopuma ndikupempha chinthu chimodzi. Kaundula wa kalasi asamangogwira ntchito yolanga. Dzina likasowa sabata yathunthu, wina anyamuke akagogode. Pakhale mlangizi wodziwa za maganizo, wokhala ndi chipinda choti wophunzira n'kulowamo popanda anzake kumuloza chala, ndipo zokambidwa m'menemo zithere momwemo. Pomwe ndalama yolembera mlangizi palibe, aphunzitsi awiri kapena atatu aphunzitsidwe kumvetsera ndi kudziwa nthawi yotumiza mwana kuchipatala. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe aonetsa kwa zaka zambiri kuti nkhawa ndi kukhumudwa ndi matenda ochizika ngati ena onse. Luso limenelo lifike m'zipatala zathu zazing'ono, ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira. Ndipo wobwereka ndalama za boma azilandira nthawi yake, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mashehe ndi abusa, inunso muli ndi makiyi. Lachisanu ku mzikiti ndi Lamulungu ku tchalitchi achinyamata amakhala pamaso panu. Auzeni poyera kuti kulira si kuchepa chikhulupiriro, ndipo kupita kwa dokotala wa maganizo si kukana Mulungu. Mabanja amene adaika abale awo mothamanga m'masiku a mliri athandizeni kukhala pansi, kaya pa sadaka kaya pa mapemphero a chikumbutso, kuti ana amene adali kutali alire maliro awo mpaka misozi ithe. Maliro osalira satha, amangosamukira m'chifuwa.

Kwa inu ophunzira, zidzukulu zanga nonse, mwambi uja sindidautaye. Ukadali woona, ndipo mphamvu zikakhalapo tsekulani chitseko, nenani. Safunsa adadya phula. Koma dziwani kuti ogogoda oyamba ndinu nomwe, chifukwa ndinu mumaona bedi la mnzanu likakhala losayalula mpaka masana, ndinu mumadziwa amene wasiya kubwera kokadya. Amene adapulumutsa mdzukulu wanga sadali dokotala, sadali mphunzitsi, sadali ine. Adali mnyamata wa msinkhu wake amene adawononga ndalama yake ya thiransipoti kudzanjuta pakhomo pa nkhalamba yosamudziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo musadzione ngati mbewu yowonongeka. Ndakuonani mukugulitsa usipa pa WhatsApp kuti mupeze fizi, mukupalasa kabaza pa holide, mukuphunzitsana usiku ndi tochi ya foni. Msinkhu wathu sudayesedwe motero pa zaka zanuzo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo inu mwasambira m'maiwe ambiri.

Mdzukulu wanga adabwereza chaka. Katapila uja tidabweza pang'onopang'ono, mbumba yonse kusonkherana, poti mutu umodzi susenza denga. Adakaonana ndi achipatala kangapo, ndipo tulo tidayamba kubwerera. Tidapita naye kumanda a amalume ake, adakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ife tili poteropo osamufulumiza. Lero amakonza injini za maboti pagombe lina kumwera kwa Monkey Bay. Masiku ena mtambo uja umabwerera, amakhala wosayankhula, koma tsopano amadziwa kunena kuti, "Agogo, sabata ino sindili bwino." Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Mwambi wa makolo sindingauwonjezere mawu, si wanga. Koma ndikamauphunzitsa kwa ana a masiku ano ndimawakumbutsa kuti m'nyumba ija ya chitseko cha bango simudagone munthu mmodzi. Mudali ena anayi pa mphasa. Wina akamabuula usiku koma osadzuka, woyandikana naye ankamugwedeza phewa n'kumufunsa kuti, "Mnzanga, watani?" Akaona kuti miyendo yamufookera, ankachotsa yekha mpiringidzo, n'kumugwira mkono, n'kutuluka naye mumdimamo.

Kumudzi kwanu, kumpingo kwanu kapena pa mzere wa nyumba za lendi pomwe mukukhala, pali wophunzira amene mwatha mwezi osamva mawu ake. Musadikire holide. Nyamukani lero, mukaime pakhomo pake, muodire. Akapanda kuyankha, odiraninso. Kachitatu mumuitane ndi dzina lake la paubwana.